Musathamangire kukwecha gitala, lacquer iyambe yakhwima

Mbale wanga, mukuti gitala yanu ya mlombwa mwaipopera NC lacquer (nitrocellulose, mankhwala owalitsa thabwa ngati vanishi) masiku 5 apitawa, pamwamba pake pakuoneka ngati khungu la lalanje, ndipo mukufuna kudziwa sandipepa yoyambira kuti iwale. Musayambe kaye. Lacquer imeneyi imauma thina ikamatuluka pang'onopang'ono, ndipo potero imaphwera. Mukaipukuta lero iwaladi, koma mwezi wamawa timaenje tidzaonekeranso, chifukwa mlombwa, monganso mbawa, uli ndi timabowo tikulutikulu. Ipachikeni pamthunzi popita mphepo kwa milungu 3 kapena 4, ndipo ngati ndi m'chisanu cha Juni ndi Julayi muonjezereko mlungu. Inunkhizeni. Fungo la thina likamamvekabe ndiye kuti sinakhwime. Dinikizaninso chikhadabo pamalo obisika, chikasiya chidindo dikiranibe.

Kumbukiraninso kuti munapopera kangati. Ngati ndi katatu kokha mudzaboola lacquer pokwecha n'kufika pathabwa, pamafunika makoti opyapyala 8 mpaka 12.

Sandipepa yake ndi yakuda yosaopa madzi ija amagwiritsa ntchito openta galimoto: nambala 800, 1000, 1500 ndi 2000 (nambala ikamakula, sandipepa imakhala yosalala kwambiri). Mashopu a penti ya galimoto m'tauni ya Chipata ndiwo oyamba kufunsako. Iviikeni m'madzi kwa mphindi 30 kuti ifewe, mudonthezemo sopo wotsukira mbale kadontho kamodzi kapena tiwiri. Madzi a pachitsime muwasefe ndi nsalu, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kamalemba mzere wakuya umene 2000 singauchotse.

Musanagwire madzi, tsekani ndi phula la kandulo mabowo onse a masikuluwu ndi a makiyi omangira mawaya, ndipo m'bowo lalikulu lapakati mulowetse nsalu youma. Madzi akalowa pamenepo thabwa limatupa, lacquer n'kung'aluka mozungulira bowolo. Ambiri amaonongera pamenepa ntchito ya mwezi wonse. Musathire madzi pagitala, a pasandipepa pomwepo akwanira, ndipo muzipukuta pafupipafupi.

Musakweche ndi zala zokha, zimasiya tingalande. Kulungani sandipepa pakathabwa kosalala kokutidwa ndi chubu cha njinga. Pamalo opanikizika, labala wofufutira wa ana asukulu amagwira bwino.

Ntchito yaikulu ili pa 800. Kwechani mopepuka malo ofanana ndi chikhato, pukutani, paume, kenako mupendeketse gitala pa kuwala kwa pawindo. Muona pambuu, koma pali timadontho tonyezimira. Timenetoto ndi tamunsi, sandipepa sinatikhudze. Pitirizani mpaka tithe tonse. Kadontho kakakana chifukwa ndi kakuya, musakakumbe. Donthezanipo lacquer ndi nsonga ya kamtengo ka machesi, paume masiku angapo, mudzasalaze. Muziyang'ananso madzi otuluka: ayenera kuyera ngati mkaka. Akayamba kufiirira mwafika pathabwa, lekani pomwepo, paume, mupoperenso. Ubwino wa NC ndi wakuti koti yatsopano imasungunula yakale n'kulowererana nayo, pamene 2K, penti ija yosakaniza ndi mankhwala olimbitsa, imasiya mzere wooneka. Koma kupopera tsiku lachinyezi m'dzinja kumachititsa lacquer kuyererako ngati nkhungu, ndiye sankhani masana a dzuwa.

M'mphepete ndi m'makona lacquer imakhala yopyapyala kwambiri. Musapitepo ndi 800, mudzangodutsapo kawiri katatu ndi 1500.

Mukamasintha nambala sinthaninso kolowera: 800 motsata utali, 1000 mopingasa, motero mpaka 2000. Mukatero mumaona msanga ngati mizere ya nambala yapitayo idakalipo. Madzi nawo muwataye, mutunge ena. Musadumphe kuchoka pa 800 kupita pa 2000, mizereyo idzatulukira pomwe mwayamba kuwalitsa.

Powalitsa, yambani ndi rubbing compound ya galimoto, mankhwala ngati phala ochotsa mizere ya sandipepa, pansalu yofewa ya thonje, monga sikipa yakale yochapa bwino yopanda msoko. Pakani kochepa ngati njere ya nyemba, muzungulize mpaka iume, n'kupukuta ndi nsalu ina. Kenako compound yosalala kwambiri, pansalu yakenso. Ngati mukugwiritsa ntchito siponji pa dirilo, iziyenda pang'onopang'ono ndipo musaimitse pamodzi, chifukwa NC ikatentha imafewa n'kukokeka. Polishi ya silicone, monga yopopera pa dashibodi ija, isayandikire gitala. Ikalowa, tsiku lodzapoperanso lacquer idzathawa n'kusiya timaenje tozungulira.