Wapulumuka kapena wapulumutsidwa? Mafunso anu pa mawu a chisomo ndi kusankha

Mafunso a ulendo uno achokera kwa anthu amene akhala akutsutsana pa nkhani ya chipulumutso, ndipo ena akufuna kuti galamala iwagamulire mlandu. Ine ndiyankha za mawu. Zoti akulondola ndani pa chiphunzitso ndazisiyira abusa ndi ansembe.

Funso: Mnzanga amandidzudzula ndikati "ndinapulumuka". Akuti ndizinena kuti "ndinapulumutsidwa", chifukwa kupulumuka kumamveka ngati ndinadzichitira ndekha. Kodi akunena zoona?

Bambo, mnzanuyo khutu ali nalo, koma wapitirira nalo muyeso. Mneni wakuti kupulumuka amangonena chimene chakuchitikirani, satchula wochititsa. Amayenda ngati aneni aja kusukulu tinkati am'chibisira, monga kusweka, kutseguka ndi kumasuka, amene amabisa wochita ntchito. Tikati "chitseko chatseguka" sitikunena kuti chitsekocho chadzitsegula. Mwina ndi mphepo, mwina ndi mwana, kungoti sitinatchule. Munthu amene bwato lamutembenukira pakati pa madzi timati wapulumuka, kaya anasambira yekha mpaka kumtunda, kaya anachita kumuvuula atakomoka kale.

Kuchokera ku kupulumuka timapeza kupulumutsa, monga momwe kudzuka kumatipatsira kudzutsa, kutuluka kutulutsa, kuwoloka kuwolotsa. Tikaphatikiza -idw- ndiye pamabadwa kupulumutsidwa, ndipo mneni ameneyu sakhala chete, amaitana funso lakuti "ndi yani?" Apo mnzanu walondola: mukafuna kuti womva aganizire za Mpulumutsi, mawu ake ndi amenewa.

Koma chimene iye akuopa chili ndi mawu akeake, kudzipulumutsa. Kachidutswa ka -dzi- ndi kamene kamabweza ntchito kwa mwini wake, ndipo inu simunakanene. Ngakhale funso la woyang'anira ndende wa ku Filipi pa Machitidwe 16:30 ambiri analiloweza kuti "ndichitenji kuti ndipulumuke?", ndipo palibe amene amati munthuyo ankadzitama.

Tikayang'ana m'mbiri ya mpingo, amene anayandikira kwambiri ganizo la kudzipulumutsa ndi Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain amene ankakhala ku Rome cha m'ma 400. Iye ankati munthu analengedwa ndi mphamvu zokwanira kumvera malamulo a Mulungu akafuna. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anamutsutsa kolimba, ndipo msonkhano wa mabishopu ku Carthage unakana chiphunzitsocho mu 418. Chiyambire pamenepo, mbali zikuluzikulu za mkanganowu, Akatolika ndi magulu awiri a Apulotesitanti, otsatira John Calvin ndi otsatira Jacobus Arminius, onse amavomereza kuti popanda chisomo palibe wopulumuka. Amasiyana pa funso lina: kodi munthu angathe kuchikana chisomocho chikamufikira? Funso limenelo -k- wa mu kupulumuka ndi -idw- wa mu kupulumutsidwa sangaliyankhe.

Funso: Ndinakulira m'Chikatolika, ndipo popemphera timati Maria ndi "wa chaulere chodzaza". Amuna anga ndi a mpingo wina, iwo amati chisomo. Mawu olondola ndi ati?

Mayi, onse awiri ndi Chichewa chabwinobwino, ndipo onse awiri anatengedwa m'mayankhulidwe a masiku onse n'kupatsidwa ntchito ya m'tchalitchi. Kunja kwa tchalitchi, chisomo ndi chija chimene munthu wina amakhala nacho choti anthu amangomukonda, osadziwa n'komwe chifukwa chake. Mwana wachisomo aliyense amafuna kumunyamula. Chaulere ndi chinthu cholandira osalipira kanthu.

Ndiye mawu aliwonse agwira mbali imodzi. Chisomo chimanena za kuyanjidwa, chaulere chimanena zoti simunagule ndipo simunagwirire ntchito. Aliwonsenso ali ndi poterera pake. Chisomo chimatha kumveka ngati chinthu chimene chili mwa munthuyo chibadwire, pomwe alaliki akufuna kunena chochokera kwa Mulungu. Masiku ano chikumvekanso ngati mwayi wamba: munthu akapeza ntchito amati "ndi chisomo basi", wina n'kumva kuti wangochita mphumi. Chaulere nacho chimatha kupepuka m'makutu, poti zaulere anthu sazisamala.

Chisomo chinafala kwambiri kudzera mu Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922. Akatolika anali ndi Malembo Oyera a mu 1966 ndi mapemphero awo. Pamene mipingo inamasulira limodzi Buku Loyera, lotuluka mu 1998, omasulirawo m'malo ambiri anatsata njira yachitatu, yakuti kukoma mtima kwa Mulungu. Ineyo ndimaona kuti mawu amenewa amamveka msanga kwa munthu wosazolowera za m'tchalitchi, ngakhale kuti m'nyimbo ndi m'mdalitso sakoma ngati chisomo. Pakhomo panu palibe woti asinthe. Polemba zoti awerenge anthu a mipingo yosiyanasiyana, lembani chisomo, poti ndi mawu amene aliyense, Akatolika omwe, amawadziwa.

Funso: Ndikumasulira kabuku ka ziphunzitso kuchokera m'Chingerezi. Ndinalemba kuti "chifuniro chaulere cha munthu", wondiwerengera n'kuseka. Ndalakwa pati?

Achimwene, wasekayo musamukwiyire. M'Chingerezi liwu limodzi, lakuti "free", limanena zinthu ziwiri, chosalipira ndi chosamangidwa. Ife tinazilekanitsa: ulere ndi nkhani ya malipiro, ufulu ndi nkhani ya kusamangidwa. "Chifuniro chaulere" chikumveka ngati chifuniro chimene akugawa osalipiritsa. Choipirapo n'chakuti Mkatolika akaona chaulere aganiza za chisomo, chomwe m'mkanganowu chaima tsidya linalo. Mwasakaniza mbali ziwiri zotsutsana m'mawu amodzi.

Lembani kuti ufulu wosankha, kapena ufulu wodzisankhira ngati mukufuna kutsindika kuti mwini wake ndiye akusankha. Liwu lakuti chifuniro makutu athu analizolowera ponena za Mulungu. Za munthu zimamveka bwino mukati kufuna kwa munthu, penanso mtima wa munthu.

Chenjezo limodzi. Ngati kabukuko kakukamba za Martin Luther, amene mu 1525 anayankha buku la mu 1524 la Erasmus, katswiri wa maphunziro wa Chikatolika, ponena kuti kufuna kwa munthu kuli mu ukapolo, musangolemba kuti "munthu alibe ufulu wosankha" n'kulekeza pomwepo. Luther sankakana kuti munthu amasankha pa zinthu za moyo wa tsiku ndi tsiku. Ankanena za kutembenukira kwa Mulungu. Wonjezerani kuti "pa za chipulumutso", kuti owerenga asamusenzetse zimene sananene.

Funso: Mlaliki wina anati Mulungu "anatisankhiratu". Titatuluka, mkulu wina anati mawu oyenera ndi akuti "anatidziwiratu". Kodi -ratu ameneyu akutanthauza chiyani kwenikweni?

Funso ili ndalikonda, chifukwa -ratu ali ndi matanthauzo awiri ndipo onse awiri akulowa m'mkanganowu. Loyamba ndi kuchita chinthu nthawi isanakwane: ndakuuziratu, akonzeratu malo, tidziwiretu. Lachiwiri ndi kuchita kotheratu, kosabwereranso: wapitiratu, zatheratu, wakaniratu. Kawirikawiri chiganizo chonse chimatiuza tanthauzo loyenera, ndipo sitizindikira n'komwe kuti tasankha.

Pa "anatisankhiratu" pokha chiganizo sichitithandiza. Wina amva kuti Mulungu anatisankha kalekale, dziko lisanalengedwe, monga akunenera Aefeso 1:4. Wina amva kuti anatisankha kamodzi n'kamodzi, ndipo wosankhidwayo sangatayikenso. Izi ndi nkhani ziwiri, ndipo munthu akhoza kuvomera imodzi n'kukayikira inayo. Ndi mmene zinalili ku Netherlands. Jacobus Arminius, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Leiden, atamwalira mu 1609, omutsatira analemba mfundo zisanu mu 1610. Iwo sankakana kuti Mulungu anasankha kale. Ankati anasankha amene anawadziwiratu kuti adzakhulupirira, ndipo zoti wokhulupirira angagwe n'kutayika anati zifufuzidwe kaye m'Malemba. Sinodi ya ku Dordrecht, imene inakhala pansi mu 1618 ndi 1619, inawatsutsa: inati kusankhako sikudalira chilichonse chimene Mulungu anaoneratu mwa munthu, ndipo osankhidwa adzapirira mpaka kumapeto.

Mukuona tsono kuti mlaliki wanu ndi mkulu uja sakutsutsana pa Chichewa. Mawu onse awiri ndi olondola, ndipo pa Aroma 8:29 maganizo onse awiri, kudziwiratu ndi kukonzeratu, akhala moyandikana m'vesi limodzi. Chimene akulimbanirana ndi chakuti n'chiti chikutsamira pa chinzake. Amene akufuna kumveka bwino asadalire -ratu yekha. Anene poyera kuti "dziko lisanalengedwe", kapena kuti "kosasinthikanso", malinga ndi chimene akutanthauza.

Za kalembedwe mwachidule: tsinde likakhala ndi a, i kapena u timati -iratu, monga kusankhiratu ndi kudziwiratu. Likakhala ndi e kapena o timati -eratu, monga kuoneratu ndi kukonzeratu. Mu msintho wochitidwa, -idw- kapena -edw- amatsogola: kusankhidwiratu, kukonzedweratu. Ndipo musataye -tu wakumapetoyo. "Anatisankhira" ndi nkhani inanso, yoti anasankha chinachake m'malo mwathu kapena choti atipatse.

Funso: Kodi ndingalembe kuti "chisankho cha Mulungu"?

Galamala sikukuletsani, koma khutu la lero likamva chisankho limathamangira ku mavoti. Kumeneko ambiri amasankha mmodzi, pomwe apa mmodzi ndiye akusankha ambiri. Ndingakonde mutalemba kuti kusankha kwa Mulungu.

Samalaninso ndi tsankho. Limachokera ku tsinde lomwelo, koma limanena za kukondera. Otsutsa chiphunzitso cha kusankhidwiratu amati chimamupatsa Mulungu tsankho, ochikhulupirira amakana, ndipo onse amadziwa kuti Aroma 2:11 akuti Mulungu alibe tsankho. Mukalemba liwu limeneli mosaganizira, mwalowa kale mbali imodzi. Kwa otayipa: mu osankhidwa, sa uja ndi wa tsinde, si wokana. Wokana ndi osasankhidwa. Chala chikadumpha sa mmodzi, gulu lonse lasamuka.

Funso: M'kalasi ya ubatizo ana akumva "kuyesedwa olungama" ngati kulowa m'mayesero. Ndiwauze chiyani? Kapena ndizingoti "kulungamitsidwa"?

Aphunzitsi, anawo sanalakwe kwenikweni, poti kuyesa kuli ndi ntchito zambiri. Timayesa nsapato, timayesa kutalika kwa chinthu, timayesa munthu kuti tione ngati agwe, ndipo timayesanso m'lingaliro la kuganizira kapena kuwerengera: "amamuyesa mwana wawo". Mu "kuyesedwa olungama" tanthauzo lake ndi lomalizali, lakuti Mulungu akumuwerengera munthu kuti ndi wolungama.

Koma pali msampha wina umene anawo sanaufikebe. Masiku ano kuyesa kotereku nthawi zambiri kumanena za kuganiza molakwika. "Ndimayesa mwapita", chikhalirecho muli pomwepo. "Ndinamuyesa mlendo", pomwe ndi mwini nyumba. Womva wosachenjezedwa akhoza kutola kuti Mulungu akungoganiza kuti ndife olungama pamene sitili. Chodabwitsa n'chakuti dandaulo limeneli ndi lomwe Akatolika akhala akupereka pa chiphunzitso cha Apulotesitanti. Luther ndi Calvin ankati kulungamitsa ndi chigamulo cha Mulungu, choti wochimwa alibe mlandu chifukwa cha Khristu, ndipo kusinthika kwa moyo kumatsatira ngati chipatso chake. Msonkhano wa Akatolika wa ku Trent, m'chigamulo chake cha mu 1547, unati kulungamitsa sikukhululukidwa kwa machimo kokha, kukuphatikizanso kuyeretsedwa ndi kukonzedwanso kwa munthu mkati mwake. Panapita zaka zoposa 450 kuti Akatolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran padziko lonse asainirane chikalata chogwirizana pa mfundo zikuluzikulu za nkhaniyi, ku Augsburg mu 1999.

Kulungamitsa kuli ndi ubwino wakuti kumanyamula zonse ziwiri. Pokhala msintho wochititsa wa kulungama, kungathe kunena za kuwongola chinthu kuti chilungamedi. Koma tikati munthu "akudzilungamitsa" sitinena kuti wasintha khalidwe, timanena kuti akudzichotsera mlandu ndi pakamwa. Ndiye pa msonkhano wa mipingo yosiyanasiyana liwu limeneli silikhumudwitsa aliyense, aliyense amamvamo zake. M'kalasi mwanu simukufuna liwu lotere lokha, mukufuna kuti ana amve chimene mpingo wanu umaphunzitsa. Ngati mpingo wanu umatsata Luther kapena Calvin, auzeni kuti kulungamitsidwa ndi kuwerengedwa wolungama, kugamulidwa kuti ulibe mlandu. Ngati ndi wa Katolika, wonjezerani kuti ndi kusandutsidwa wolungama. "Kuyesedwa olungama" musakutaye, poti adzakumana nako powerenga Buku Lopatulika. Alembereni pabolodi ziganizo zitatu kapena zinayi za kuyesa, aloze okha chimene chikufanana ndi vesilo.