Vekani njinga kaye, zovala zibwere pambuyo

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino watumiza funso pa imelo. Wagula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito ndipo akufuna azipita nayo kuntchito tsiku lililonse, makilomita 8 kupita, 8 kubwerera. Amaweruka kukuyamba kuda, ndipo ndalama zogulira zonse pakamodzi alibe. Akuti: "Ndiyambe kugula chiyani? Kodi ndikufunika makabudula othina aja amene amavala a mpikisano? Nanga ndingatani kuti ndizifika ku ofesi ndilibe thukuta ndi matope?"

Mayi, vekani njinga kaye. Ambiri amathamangira zovala chifukwa ndi zimene zimaoneka, chonsecho zimene zimagwetsa munthu ulesi kuti asiye kupalasa zili pa njinga pomwepo: mdima, matope a matayala, katundu wa pamsana, chubu chobooka, ndi akuba. Njinga ikakhala ndi zoyenera, makilomita 8 mungawapalase ndi zovala zomwe muli nazo kale.

Popeza mumaweruka kukuda, nyali ndiye choyamba, ndipo apa musaumire. Yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo. M'mayiko ambiri limeneli ndi lamulo. Mphamvu ya kuwala amailemba pa bokosi m'ma lumen. Ngati msewu wanu uli ndi magetsi, ntchito ya nyali ndi yoti ena akuoneni, ndipo ma lumen 200 mpaka 400 akwana. Ngati ndi msewu wamdima wa maenje, muyenera kuona pansi nthawi ikadalipo, choncho funani ya 600 kapena kuposa. Koma musakopeke ndi nambala yaikuluyo yokha. Nyali yotchaja pa USB ikayatsidwa pa mphamvu yake yonse, batire limatha pa ola limodzi kapena awiri. Yang'anani maola amene imayaka pa mphamvu yapakati, pakuti ndi pomwe muziigwiritsa ntchito masiku onse. Ulendo wanu ndi wa mphindi 30 mpaka 40 mukamapalasa mosathamanga, ndiye n'zosavuta kuwerengera kuti muzitchaja pakapita masiku angati.

Kaikidwe ka nyali nakonso kali ndi nkhani. Yakutsogolo iweramire pansi pang'ono, kuwala kwake kuzigwera pamsewu pafupifupi mamita 10 patsogolo panu. Ikaloza m'mwamba imathobwa m'maso woyendetsa galimoto yobwera, ndipo munthu wothobwa m'maso sangathe kudziwa pomwe muli. Nyali zopangidwa motsatira lamulo la ku Germany la StVZO zimadula kuwala cha kumtunda ngati mmene zimachitira nyali za galimoto, ndipo mukaipeza yotere, itengeni. Usiku yakutsogolo iziyaka mosalekeza, isamaphethire, chifukwa nyali yophethira mumdima imasokoneza anthu poyerekeza kutalika kwa pomwe muli. Yakumbuyo muimangirire kumapeto kwa kaliyala, osati kunsi kwa chishalo kumene jekete kapena chikwama chingaiphimbe. Ndalama zikalola, zakumbuyo zikhale ziwiri: nyali yakumbuyo ikazima inu simudziwa.

Jekete yachikasu yowala imathandiza masana ndi m'chisisira, koma usiku weniweni imada ngati chovala china chilichonse. Usiku chimene chimagwira ntchito ndi nsalu yonyezimira yobweza kuwala kwa galimoto, ndipo malo ake abwino ndi mu akakolo ndi pa mapedulo. Mapazi amakwera ndi kutsika, ndiye woyendetsa galimoto amazindikira ali patali kuti uyu ndi munthu wopalasa, si chikwangwani.

Helemeti mugule yatsopano. Mkati mwake muli chinthu chopepuka chotchedwa EPS chimene chimaphwanyika pogunda kuti mphamvu ya kugundako isafike yonse kumutu, ndipo chikaphwanyika kamodzi ntchito yake yatha, ngakhale kunja kukuoneka kosalala. Ya munthu wina simudziwa zomwe inakumana nazo. Yang'anani mkati chizindikiro cha EN 1078, muyezo wa ku Ulaya, kapena CPSC, wa ku America. Yezani mutu ndi tepi ya telala, chapamwamba pang'ono pa nsidze. Saizi yapakati nthawi zambiri imakhala ya masentimita 55 mpaka 59. Povala ikhale mowongoka, mpata wa zala ziwiri kuchokera pa nsidze, malamba akumane kunsi kwa khutu, ndipo pansi pa chibwano pangolowa chala chimodzi kapena ziwiri. Helemeti yopendekekera kunkhongo imasiya chipumi pamtunda, pomwe anthu ambiri amayambira kugunda.

Tsopano nkhani ya matope, imene ndikufuna muimvetse bwino. Madzi amene amakunyowetsani kwambiri popalasa si ochokera kumwamba ayi, ndi amene matayala amatola pamsewu, osakanikirana ndi mchenga ndi mafuta a galimoto. Tayala lakumbuyo limawaponya pamsana, lakutsogolo kumapazi ndi pa tcheni. Ngakhale mvula itakata ola lapitalo, msewu ukadali wonyowa mufika mutada. N'chifukwa chake madigadi ndimawaika patsogolo pa jekete yamvula. Gulani aatali ophimba tayala mokwanira, osati timapulasitiki tatifupi tomangirira kunsi kwa chishalo. Akhale otambalala kuposa tayala ndi mamilimita 8 mpaka 10, ndipo pakati pa tayala ndi madigadi pakhale mpata wa pafupifupi sentimita imodzi kuti timiyala tisamakakamire. Musanagule, onani ngati felemu ndi foloko zili ndi timabowo ta mabawuti pafupi ndi ekiselo. Ngati mulibe, pali tizitsulo tozungulira felemu timene timalowa m'malo mwake.

Madigadi akutsogolo ambiri amathera m'mwamba kwambiri, moti madzi amadutsa kunsi n'kumenya nsapato. Dulani kachidutswa ka labala yokhuthala kapena ka botolo lapulasitiki, kabooleni, mukamangirire kumapeto kwake kuti kalendewere mpaka masentimita 10 kuchokera pansi. Mapazi akhala ouma ndipo tcheni chichedwa kudyeka. Chenjezo limodzi: kamtengo kakalowa pakati pa masipoko ndi mawaya a madigadi akutsogolo, tayala limatha kuima mwadzidzidzi munthu n'kuwuluka pa mahandulo. Madigadi abwino amakhala ndi timapulasitiki pa foloko timene timamasuka tokha zikatero. Musatichotse.

Thukuta la pamsana limene mukuliopa, lambiri limabwera ndi chikwama chobereka, chifukwa chimatseka mphepo pamalo pomwe thupi limatulutsira kutentha. Katundu apite pa kaliyala. Kulemera komwe kaliyala angasenze kumadindidwa pa chitsulo chake, nthawi zambiri makilogalamu 25. Zikwama zopachika m'mbali mwa kaliyala zimaposa kumanga katundu pamwamba, popeza kulemera kukakhala m'munsi njinga siyendera mbali. Poyesa, khalani pa chishalo muzungulitse mapedulo chambuyo. Chidendene chikamagunda chikwama, chisunthireni kumbuyo. Chikwama chotseka mochita kupinda kukamwa kwake katatu sichilowa madzi, pamene cha zipi chimalowetsa. Kompyuta ikhale m'kathumba ka siponji, isagunde pansi pa chikwama. Ndipo lamba aliyense wolendewera mumange, chifukwa masipoko sachedwa kumukoka.

Pa matayala pali nambala imene ogula ambiri sayang'ana. M'mbali mwa tayala mupeza monga 37-622 kapena 47-559. Yoyamba ndi kutambalala kwa tayala, yachiwiri kukula kwa limu, zonse m'mamilimita. Pogula chubu kapena tayala tchulani imeneyi, osati mainchi, chifukwa matayala a 622 ndi a 635 onse amatchedwa a mainchi 28 koma salowa pa limu imodzi. Onaninso valavu. Ilipo mitundu itatu: Schrader yonenepa ngati ya galimoto, Presta yowonda ya kanati pamwamba, ndi Dunlop. Pampu yanu igwirizane ndi yomwe muli nayo. Mpweya woyenera walembedwanso pa tayala pomwepo. Popani kamodzi pa sabata, pakuti chubu chimatulutsa mpweya pang'onopang'ono ngakhale chisanabooke. Tayala lofewa limalemeretsa njinga, ndipo mukagunda dzenje limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Mukaona timabowo totero, vuto si minga ayi, ndi mpweya wochepa.

M'chikwama musamasowe chubu chapadera, timapulasitiki tiwiri totsegulira tayala, pampu yaing'ono, zigamba ndi guluu wake, makiyi a Allen (omasulira mabawuti a kabowo pamutu) a mamilimita 4, 5 ndi 6, komanso sipanala ya 15 ngati matayala ndi omangidwa ndi manati. Panjira ingosinthani chubu, kumata mukachitire kunyumba. Musanalowetse chatsopano, yendetsani chala mosamala mkati mwa tayala lonse kufuna chomwe chaboola, apo ayi chibookanso musanapite patali. Pomata, palani pamalopo ndi sandipepa, pakani guluu wochepa mopitirira kukula kwa chigamba, ndipo dikirani mphindi 5 mpaka asiye kunyezimira. Zigamba zambiri zimamatuka chifukwa chofulumira kuziika guluu akadali wamadzi. Yeserani kuchotsa tayala lakumbuyo kamodzi muli kunyumba masana, musadikire kuphunzira mumdima mvula ikugwa.

Loko wa waya wopota amaduka ndi chodulira chaching'ono m'kanthawi kochepa. Njinga yotsala panja tsiku lonse ikufunika loko wachitsulo wooneka ngati chilembo cha U, wokhuthala mamilimita 13 kapena kuposa, kapena unyolo wachitsulo cholimbitsidwa. Ena amakhala ndi chizindikiro cha Sold Secure cha ku Britain kapena ART cha ku Netherlands, kusonyeza kuti anayesedwa. Loko agwire felemu ndi tayala lakumbuyo pamodzi ndi chinthu chozikika pansi chimene njinga singanyamulidwe kudutsa pamwamba pake. Mukakhoma tayala lakutsogolo lokha, mupeza tayalalo. Loko asagone pansi pomwe angamenyedwe ndi hamala, ndipo mkati mwake musasiye mpata waukulu wolowetsa chitsulo chokanulira. Ngati kulemera kwake kukuvutani, musiyeni wokhoma pamalo pomwe mumaimika kuntchito, bola eni malo alole. Nyali muzichotsa n'kulowa nazo.

Belu gulani, ndi lotchipa ndipo oyenda pansi amalimva bwino kuposa kukuwa. Magalasi oyera amatchinga fumbi ndi tizilombo touluka madzulo. Magolovesi angadikire.

Za makabudula othina: pa makilomita 8 simukuwafunikira. Anasokedwa kuti munthu akhale pa chishalo maola ambiri. Chofunika kwa inu ndi chovala chopanda msoko wokhuthala pakati pa miyendo. Jinzi imapweteka chifukwa misoko inayi imakumana pomwe mumakhalira. Mukadzafuna kabudula wa siponji tsiku lina, amavalidwa popanda chamkati, chifukwa misoko ya chamkati ndi imene imakhula khungu, ndipo amachapidwa nthawi iliyonse mwavala. Mwendo wakumanja wa buluku, mbali ya tcheni, muupinde kapena muumange ndi kalamba konyezimira kaja. Zingwe za nsapato muzilowetse mkati. Siketi yaitali imakokedwa ndi masipoko akumbuyo kapena kulowa pa buleki, choncho ikani neti yotchinga m'mbali mwa tayala, apo ayi valani yofika m'mawondo ndi kabudula mkati.

Nsalu ya thonje imamwa thukuta n'kulisunga, moti mumafika malaya atakumatirirani. Ya poliyesita imauma msanga koma imagwira fungo ikapanda kuchapidwa; ya ubweya wa merino imachedwa kununkha koma ndi yodula. Njira yosavuta ndi kupalasa ndi sikipa yopepuka, malaya a ku ofesi ali m'chikwama, okulungidwa osati opindidwa kuti asakwinyike. Nsapato za ku ofesi zizikhala ku ofesi komweko. M'mawa kukazizira, nyamukani mukumva kachisanu pang'ono, chifukwa pakatha mphindi 10 thupi latentha. Gwiritsani ntchito giya yopepuka, miyendo izizungulira msanga osati kukankha mwamphamvu, ndipo kilomita yomaliza muipalase mwapang'onopang'ono kuti mphepo ikuumitseni. Thukuta limapitirira kutuluka munthu akangoima, ndiye dikirani mphindi zingapo musanasinthe malaya.

Jekete yamvula ikhale yaitali kumbuyo, popeza mumawerama, manja ake ofika m'mikono mutagwira mahandulo, ndipo misoko yake yomatidwa tepi mkati, itembenuzeni muone. Ngati palembedwa 10,000 mm, muyezo wa mmene nsalu imatchingira madzi, nsaluyo ipirira mvula ya ulendo wanu. Ikhale ndi mazipi a m'khwapa, apo ayi munyowa ndi thukuta m'malo mwa mvula. Chipewa cha jekete chisakutchingeni maso mukacheuka.

Chishalo chikamakupwetekani, musathamangire kugula chachikulu chofewa. Siponji yambiri imabonyeka pansi pa mafupa okhalira n'kuyamba kukanikiza minofu yofewa yapakati. Yambani mwakonza kutalika kwake. Tsamirani khoma, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke popanda chiuno kupendekeka. Mukabweza phazi pamalo pake popalasira, bondo likhala lopindika pang'ono, ndipo ndi pomwepo. Chishalo chikatsika kwambiri mawondo amawawa kutsogolo, chikakwera kwambiri chiuno chimagwedezeka uku ndi uku. Pamwamba pake pakhale mowongoka, osaloza kumwamba. Pa chitsulo chonyamula chishalo pali mzere wosonyeza polekezera kukweza. Mzerewo usaonekere kunja kwa felemu. Mukakonza, palasani milungu iwiri thupi lizolowere. Ululu wa m'mafupa umatha wokha, koma dzanzi kapena kupweteka kwa pakati kukapitirira, chishalocho sichikugwirizana ndi thupi lanu, ndipo mufune chotambalala kumbuyo chokhala ndi mpata pakati.