Tepi yakuda si yotchingira mawaya a elementi ya poto wa mowa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa owerenga ena a ku Lilongwe. Mwachidule akuti: "Ndagula poto wa sitenilesi wa malita 40 ndi elementi (chitsulo chotenthetsera madzi ndi magetsi) ya mawati 3000 kuti ndizifululira mowa pakhonde panga. Kunja kwa potoyo, polumikiza mawaya pali pamtetete. Ndikapakulunga ndi tepi yakuda n'kuvindikira ndi chidutswa cha paipi ya pulasitiki, sizikwana?"

Achimwene, zikomo pofunsa musanayatse. Ayi, sizikwana, ndipo ndikukupemphani kuti musayesere n'komwe. Tepi ikamva kutentha ndi nthunzi, guluu wake amasungunuka, iyo n'kuyamba kusomphoka pang'onopang'ono inu osadziwa. Paipi ya PVC nayo imafewa madzi asanafike powira. Kumbukirani kuti tsiku lofulula manja anu amakhala onyowa, pansi ponyowa, ndipo madzi a chimera akangoyamba kubwadamuka thovu limasefukira n'kutsika m'mbali mwa poto, ndendende pamene pali mawayawo. Magetsi a kwathu kuno ndi a mavoti 230, okwana kupha munthu wamkulu.

Chofunika ndi kabokosi kachitsulo kokhala ndi chivindikiro cha rabala m'mphepete, kaja amisiri a magetsi amaika panja pa nyumba. Mukapita m'sitolo za zipangizo zamagetsi funsani ka aluminiyamu kolembedwa IP65 kapena IP66, zizindikiro zosonyeza kuti sikalowa fumbi kapena madzi owazika. Ine ndimakonda kachitsulo chifukwa sikasungunuka, komanso kamatheka kulumikiza ku earth, waya wotayira pansi magetsi othawa, nkhani imene ndiibwerere posachedwa.

Yambani ndi kuyeza. Mazinga a maelementi safanana: a ku America ambiri amafuna bowo la mamilimita 32, pomwe a giza (thanki yotenthetsera madzi osamba) ochokera ku South Africa amakhala onenepa kuposa apo. Yezani yanuyo, kenako boolani mabowo awiri ofanana, lina kumsana kwa kabokosi, lina m'mbali mwa poto chapansi, koma musiye mpata woti nati izizungulira mkati. Sitenilesi ndi yamakani. Dirilo iziyenda pang'onopang'ono, mukuthira timafuta, chifukwa mukaithamangitsa chitsulocho chimatentha n'kuumiratu, mano a chiboolero n'kutha. Mukatha, palani m'mphepete ndi fayilo mpaka chala chizidutsa osakanda.

Kumanga kwake kuli chonchi. Elementi imalowa kuchokera m'kati mwa kabokosi, mutu wake n'kutsala momwemo. Pakati pa kabokosi ndi poto pamabwera mphete ya silikoni, osati ya rabala wakuda wa mpope, chifukwa silikoni imapirira kutentha ndipo siipereka fungo. Mpheteyo muizungulize ndi washa ya sitenilesi ya bowo lalikulupo, yopyapyala pang'ono kuposa mpheteyo, kuti pomanga isafinyike n'kuthawira kumbali. Mkati mwa poto ndiye mumange nati ya sitenilesi. Musamange ngati mukumanga tayala la lole. Mphete ikapsinjika mopitirira, ndi pomwe imayamba kudontha.

Pansi pa kabokosi boolani kabowo kakang'ono, mamilimita 3 basi. Ambiri amadabwa kuti bwanji tikuboola chinthu chomwe tagula kuti chisalowe madzi. Kabokosi ka poto wanga woyamba ndinakatseka ndithu, osasiya pothawira madzi. Patapita miyezi ingapo ndinatsegula chivindikiro, ndipo ndinapeza timadzi tabulawuni, tomata ngati uchi, titadikha pansi pa kabokosi, kutalika kwa chikhadabo kuchokera pa waya wamoto. Mphete inali ikudontha mwakachetechete. Ndinakhala pansi mtima ukugunda, poti dzulo lake mwana wa mlongo wanga anali atandigwirira potoyo. Kabowo kaja kamatulutsa madziwo, ndipo dontho mukaliona pansi mumadziwa kuti pali vuto.

Tsopano earth, yomwe kwa ine ndi nkhani yaikulu kuposa zonsezi. Mu chingwe muli mawaya atatu: wabulawuni ndi wamoto, wabuluu ndi neutral, ndipo wobiriwira wa mizere yachikasu ndiye earth. Awiri oyambawo amapita pa masikuluu a elementi. Wachitatuyo mumumange pa bawuti yakeyake m'kati mwa kabokosi, pachitsulo chopala penti. Musiyeni wamtaliko kuposa anzakewo, kuti wina akapunthwa pa chingwe n'kuchikoka, iyeyu akhale womaliza kuzuka. Ndipo musangokhulupirira kuti poti kabokosi kakhudza poto ndiye kuti potoyo ali pa earth. Tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muitchere poyezera ma ohm, mbali ina pa mwendo wautali wa pulagi, ina pa chigwiriro cha poto: izionetsa zosakwana ohm imodzi. Ikakana, onjezani waya wina wochokera pa bawuti ija kukafika pa poto penipeni. Tsiku lomwe khungu la elementi lidzang'ambike mkati, magetsi adzathamangira mu waya ameneyu m'malo modutsa m'thupi mwanu.

Earth imayenda limodzi ndi RCD ya 30 mA, imene ena amaitcha earth leakage, yodula magetsi ikangoona kuti ena akuthawira kumbali. Nyumba zambiri zakale zilibe. Itanani mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso adzaone bokosi la nyumba yanu, ndipo ayezenso ngati soketi ya pakhondeyo ili ndi earth yeniyeni, poti zina mwendo wachitatuwo sunalumikizidwe paliponse.

Chingwe chikhale cha rabala, cha 2.5 mm², cholowa m'kabokosi kudzera pa cable gland (kanati kogwira chingwe mothina pabowo) yoyang'ana pansi kuti madzi otsata chingwe azigwera panja. Mawati 3000 pa mavoti 230 amakoka ma amp 13, omwe ndi malire enieni a fyuzi ya m'mapulagi athu a miyendo itatu. Choncho soketiyo ikhale yake yokha, popanda ekisitenshoni, ndipo muzigwira pulagi nthawi ndi nthawi kumva ngati ikutentha. Maelementi a mawati 5500 amene mumaona pa YouTube amakoka ma amp oposa 20. Amenewo si a soketi wamba.

Musanathire chimera chanu chodula, yesani ndi madzi okha. Poto asali pa magetsi, yezani ndi multimeter pakati pa masikuluu awiri aja: elementi yabwino ya mawati 3000 imaonetsa ma ohm pafupifupi 18. Dzazani madzi, yalani nyuzipepala pansi, musiye usiku wonse. M'mawa ikakhala youma, tsekani chivindikiro cha kabokosi ndi kuyatsa, elementi ili yomira yonse, chifukwa ikayaka pouma imapsa m'kanthawi kochepa. Malita 25 amawira pakatha pafupifupi ola limodzi. Akawira zimitsani, zulani pulagi, mutsegulenso kabokosi n'kupisamo chala chouma kumva ngati muli chinyezi. Munditumizire chithunzi cha mkatimo musanafulule koyamba, ndikufuna ndione mmene mwamangira waya wobiriwirayo.