Mkonzi wafiiritsa buku langa lonse, nditani?

FUNSO: Zikomo achimwene. Ine ndalemba buku langa loyamba, zaka zitatu ndikulimbana nalo, nde ndinalipereka kwa mkonzi wa kampani yosindikiza mabuku koma mmene labwereramu eee, tsamba lililonse lafiira, komanso akuti mutu wachitatu ndiuchotse wonse ati ukuchedwetsa nkhani. Chonsecho mutu umenewo ndi umene ndimaukonda kwambiri. Kodi mkonzi ali ndi mphamvu zotero? Likatuluka lidzakhalabe langa? Ndine mlembi wokhumudwa.

YANKHO: Pepani achemwali, zimawawa ndithu, zaka zitatu si masewera. Koma kufiirako musachite nako mantha, ine ndikanadandaula akanakubwezerani loyera mbee chifukwa ndiye kuti sanaliwerenge.

Ntchito ya mkonzi imayamba ndi zikuluzikulu, kuona ngati nkhani ikuyenda, ngati munthu amene anamwalira pa tsamba 40 sakuyankhulanso pa tsamba 90, ngati mathero akugwirizana ndi poyambira. Za mipumiro, masipelo ndi ziganizo zokhota zimabwera pambuyo, kenako kumapeto kuwerenga komaliza lisanapite ku makina. Nde zoti mutu wachitatu uchoke zili mu gawo loyambalo, ndi ntchito yake kunena. Inu nkhaniyi mwakhala nayo nthawi yaitali moti zomwe zili m'mutu mwanu mumaona ngati zili papepala, pomwe iye akuwerenga ngati mlendo, mmene adzawerengere wogula bukulo.

Ndipo si inu oyamba. Ku New York, mkonzi Maxwell Perkins wa kampani ya Scribner's anadula mawu masauzande ambirimbiri mu buku loyamba la Thomas Wolfe lisanatuluke mu 1929, koma pachikuto dzina linali la Wolfe basi.

Komatu kunena ndi kulamula n'zosiyana. Mkonzi wabwino amaloza pomwe pakudwala n'kufotokoza chifukwa chake, mankhwala amasiyira mlembi. Akayamba kulemba ziganizo zake m'malo mwa zanu mpaka inu osadzimvanso mukamawerenga, pamenepo wadumpha malire ndipo muuzeni mwaulemu koma mosabisa.

Chitani izi. Lisiyeni kaye bukulo sabata imodzi mtima utsike, kenako muliwerenge modumpha mutu wachitatuwo muone ngati pali chomwe chikusowa. Ngati chilipo mufunseni kuti penipeni pomwe anayamba kutopa ndi pati, mwina vuto ndi masamba anayi okha osati mutu wonse. Mupemphenso kuti zosintha zonse azipanga ndi Track Changes mu Word kuti muzivomera kapena kukana chimodzichimodzi, pomwe simukugwirizana napo lembani stet, mawu achilatini omwe akonzi amawadziwa, kutanthauza kuti zisiyeni mmene zinalili.

Za umwini, kukonzedwa sikukulandani buku. Chomwe chingakulandeni ndi kontrakiti yosainira osawerenga, nde onani bwino zomwe ikunena pa umwini komanso ngati ikukupatsani mpata woona bukulo komaliza lisanasindikizidwe. Ngati mpatawo mulibemo apempheni awonjezere musanasaine.