Jamu wanga akungobiriwira osabereka: vuto n'chiyani, nanga amapsa liti?

Mayi wina watilembera imelo kuti jamu amene anabzala kuseri kwa nyumba miyezi itatu yapitayo wakula bwino, masamba ali biriwiri, koma zipatso sakuziona. Akufunsanso nyengo imene jamu amapsa.

Mayi, musafulumire kumuzula. Jamu (Physalis peruviana), yemwe kwawo ndi ku South America, ndi wa banja limodzi ndi tomato koma amachedwerako. Duwa likatuluka, chipatso chimatenga masiku 70 mpaka 80 kuti chipse, ndipo kukolola kumayamba pakatha miyezi 4 mpaka 6 kuchokera tsiku lofesa. Choncho nyengo yake imatsatira nthawi imene munabzala. Akayamba kubereka amapitiriza kwa miyezi ingapo, ndipo kumalo kopanda chisanu chomera chimodzi chimakhala zaka ziwiri kapena zitatu, ngakhale zipatso zimanka zichepa.

Komabe masamba ochuluka mukunenawo akutikayikitsa. Jamu safuna chakudya chambiri. Mukamuthira urea kapena manyowa a nkhuku ochuluka, mphamvu yonse imathera ku masamba ndipo maluwa amachepa. Lekani kuthira feteleza. Onaninso ngati akuwombedwa dzuwa maola osachepera 6 patsiku, chifukwa pamthunzi amangotalika. Zomera zitalikirane masentimita 80 mpaka mita imodzi, ndipo muzimangirire ku timitengo tozichirikiza, poti nthambi zake zimakhadzuka msanga zikalemedwa.

Madzi ndiye amasokoneza ambiri. Dothi lodikha madzi limaoletsa mizu, pomwe kuthirira kwambiri nthaka itauma kwa nthawi yaitali kumang'ambitsa zipatso. Pisani chala m'dothi: ngati pamwamba pauma masentimita atatu, thirirani patsinde. Kukatentha, tembenuzani masamba. Timadontho tachikasu ndi ulusi wopyapyala kunsi kwake ndi chizindikiro cha akangaude ofiira, tizilombo ting'onoting'ono toyamwa madzi a m'masamba.

Chipatso chakupsa muchidziwa ndi chikhungwa chake, chomwe chimauma n'kukhala chotuwa ngati pepala, m'kati muli kampira kachikasu kowala. Zipatso zambiri zimathothoka zokha, ndiye muziyang'ananso pansi masiku awiri kapena atatu alionse. Zobiriwira musadye, ndipo ana muwaletse, chifukwa zili ndi poizoni, monganso masamba ake. Mukafuna kusunga, musasende chikhungwacho. Pamalo ouma ndi ozizira zimatha milungu ingapo, koma zosenda zimaonongeka m'masiku ochepa.