Za zithunzi za alamu kuchipatala

Eee msuweni, ndaliona funso lako lija, loti ndi app iti yokonzera zithunzi zikatuluka zachikasu chifukwa cha magetsi a m'chipatala. Iwe... alamu atsala ndi milungu itatu kuti abereke, ndiye ukuti chikukusowetsa tulo ndi app? Ndimakudziwa ine. Mantha akugwira, ukufuna pobisala, ndiye wapeza kamera.

Ukukumbuka amalume tsiku lomwe anabadwa chitsiriza wawo uja? Ayi, iwe unali wamng'ono... dikira, unali usanayambe n'komwe sukulu. Anapita ndi kamera yawo yakale ija, ya lamba woduka, filimu ya Kodak, zithunzi 36. Azamba anawauza kuti flash ayi, ikuthobwa m'maso anthu ali pantchito. Iwo anamvera, koma anajambulabe mpaka filimu kutha. Atakatsukitsa, mayo ine, zonse zobiriwira! Machubu aatali a magetsi aja, ife timaona ngati akuwala zoyera, koma pafilimu amatuluka obiriwira. Zina zakuda bii, zina zogwedera. Amalume anakhala sabata yathunthu osafuna kumva za kamera. Koma akazi awo anatolapo chimodzi, chogwedera chomwecho, khanda lili pachifuwa, m'mbalimu mukuoneka dzanja la amalume litagwira lawo. Ndi chija chili m'Baibulo mwawo mpaka lero, iwenso unachionapo.

Chabwino, za funso lakozo. Uyambe wapempha alamu eni ake, kenako azamba. Akakana, basi, foni m'thumba. Akalola, ima chakumutu kwa bedi, flash osayatsa. Ngati foni yako ili ndi RAW, ija yosunga chithunzi chonse mmene kamera yachionera kuti chisavute kukonza, iyatse. ISO, yomwe imathandiza kamera kujambula powala pang'ono, ikwere, 1600, kaya 3200, usaope timadontho totuluka pachithunzi ISO ikakwera, bola timeneto kusiyana ndi chithunzi chogwedera. Shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, isachedwe kuposa 1/125 ya sekondi. Pokonza, mu app ya Snapseed kapena ya Lightroom, pita pa white balance, pokonzera mitundu kuti choyera chioneke choyeradi, udine pansalu yoyera ya pabedi, chikasu chija chichoka. Zikavuta, makamaka kuwala kwa pawindo kukasakanikirana ndi kwa magetsi, ingochisandutsa black and white, ngakhale magazi saonekanso moopsa. Koma khungu la khanda usalisalaze, chonde. Zoyerayera zimene amabadwa nazo zija, makwinya a m'manja aja, pakangopita masiku simudzaziwonanso.

Koma chomwe ndimafuna ndikuuze... jambula zochepa, msuweni. Zisanu, khumi, zakwana. Dzanja limodzi likhale la alamu nthawi yonse. Wamva? Ululu ukafika poipa, iwo adzafuna dzanja lako ndi nkhope yako, osati msana wa foni. Zachikasuzo tidzakonza limodzi, unditumizire, ndili nayo nthawi. Iwe ungowagwira dzanja alamuwo, ngati amalume aja.

Eya, utchajenso batire, ndimakudziwa iwe. Ndipo matenda akangoyamba undiimbire, ngakhale pakati pa usiku.