Alamu akuti amuna anga adye nsima, koma ngakhale madzi akuwatsamwitsa

Funso: Amuna anga anawapanga opaleshoni ya khansa ya pakhosi masabata 3 apitawa, ija amalowetsa timanja ta loboti mkamwa, ndie pomwe anachotsa chotupa anamatapo khungu la pamkono pawo. Akudyerabe paipi ya mmphuno, angoyamba kumene timasipuni ta yogati. Alamu anga akungoti mwamuna sangachile opanda nsima, aphikileni adye, koma ine ndikawapatsa madzi amatsokomola mpaka misozi. Nditani? Mayi wa ku Turffontein.

Yankho: Mayi, nsimayo idikire kaye, ndipo inu simukulakwa. Khungu la pamkono lija latseka bala inde, koma silimva ngati mnofu wa pakhosi komanso silikankha chakudya, ndie nsima poti imamata imatha kutsalira pomwepo eni ake osadziwa, kenako n'kutsetserekera kunjira ya mpweya. Panopa pakhosiponso pakadali potupa.

Chandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi madziwo. Ambiri timaona ngati madzi ndi osavuta, chonsecho ndi amene amathamanga njira ya mpweya isanatsekeke, akalowa m'mapapo amabweretsa chibayo. Ena sakhosomola n'komwe pamene zikulowa. Lekani kuwapatsa madzi pakamwa mpaka muwauze a speech therapist akuchipatala kuja, akatswiri othandiza pa kuyankhula ndi kumeza, amenewo amayang'ana ndi kakamera ka mmphuno kapena X-ray munthu akumeza, ndie amakuuzani ngati madzi afunika kuthira ufa wowalimbitsa uja wa ku famasi.

Akavomereza, muyambe ndi phala losalala bwino lopanda mibulu, nsinjiro zosefa, maas amene kwathu timati chambiko, mazira ofewa. Supuni yaing'ono, ameze kawiri asanalandire ina, akhale tsonga podya komanso mphindi 30 akamaliza, TV ndi macheza pambuyo. Mkamwa muzitsukidwa bwino tsiku lililonse. Paipi isachotsedwe kunyumba chonde, ndiyo ikuwasunga thupi.

Mukaona thupi latentha, mawu akumveka ngati muli madzi pakhosi, akupuma mobanika kapena magazi akutuluka mkamwa, pitani ku casualty nthawi yomweyo, musadikire tsiku lomwe anawauza kuti akaonedwenso.

Ngati kukubwera radiation, kuwotcha khansa ndi makina kuja, nthawi zambiri amayamba pasanathe masabata 6 chichitikireni opaleshoni, ndipo kumeza kumavutirako kaye, ndie masewera a lilime ndi pakhosi omwe awaphunzitsa asawasiye. Alamuwo atengeni ulendo wotsatira akadzimvere okha kwa a therapist.